Manda Osesedwa ndi Mlendo

Nthawi ya Chitaganya ndinali mlezi wa ana kwa mzungu wina wa paboma ku Petauke. Amuna anga anali pantchito ku Halale, ine ndinatsala ndi mwana wathu mmodzi, mtsikana wongoyamba kuyenda. Mwezi wa Khilisimasi, kwathu ku Nyalugwe anthu ali pakalikiliki wopalila, adona anandiuza kuti tikupita kunyanja yamchele kukapuma. Mwana anali akuyamwabe, ndiye ndinamtenga.

Tinayenda pagalimoto, kenaka pasitima ya Apwitikizi, pomaliza pabwato la thanga. Ine wodziwa mtsinje wa Luangwa wokha ndinatsinzina mpaka tinakocheza pachisumbu china.

Chisumbucho ndi chaching'ono, ukaima pakati uona madzi uku ndi uku. Mbali ina kuli nyumba zamiyala zakalekale ndi linga lalikulu la mifuti yadzimbili. Azungu ankadzasamba ndi kugona pamchenga mpaka khungu kusupuka. Mbali inayo kuli tinyumba tofolela ndi masamba a kokonati, tothithikana m'mayenje mmene anakumbamo miyala ija. Madzi akumwa anali amvula, osungidwa m'mathanki pansi pa nyumba.

Akazi akumeneko anali atadzola zoyela nkhope yonse. Ndinayesa kwagwa malilo aakulu, poti kwathu munthu sadzola zoyela popanda chifukwa. Akhuki a panyumba imene tinafikila, amene ankamvako Chinyanja, anandiseka. Anati ndi mtengo wopela pamwala, wosalalitsa khungu, amadzola akakondwa.

Mmodzi wa akaziwo ankabwela ndi nsomba kukhomo lakuseli m'mawa uliwonse. Sitinkamvana chinenelo. Ankangotula lichelo, n'kunyamula mwana wanga, mwanayo n'kumamkanda zoyelazo ndi tizala take. Ine ndinkawatcha amai a nsomba.

Kenaka mwana anatsegula m'mimba. Adona anandipatsa mankhwala, anapita nafe kwa dokotala, koma maso anangolowabe. Anatsilizikila pamiyendo panga masana, ana a adona akutola zigoba kugombe.

Ndinapempha abwana kuti ndimnyamule, akagone pafupi ndi agogo ake. Anayankha mofatsa kuti ulendo ndi wautali, kukutentha, ndipo pamalile sangatilole. Ndinati, "Nanga ndikanena chiyani kwathu? Kuti ndamsiya pamadzi?"

Amai a nsomba anabwela ndi anzawo. Poyamba sindinawazindikile, chifukwa onse anali atasukusula, nkhope zakuda ngati yanga. Anamsambitsa, anamkulunga m'nsalu yoyela, amuna awo anamnyamula kupita kunsonga ya chisumbu. Kwawo akazi sapita kumanda tsiku loika, choncho ndinatsala nawo pamkeka. Ndinalila m'Chinsenga, iwo ankandigwila mapewa.

M'mawa mwake anandipelekeza kumandako. Kanali kamtumbila kamchenga, mafunde akumveka pafupi. Ndinaboola kapu yake yachitsulo ndi msomali, monga tichitila kwathu, n'kuyivundikila pamwamba. Amai aja anathyola tsamba la kokonati, anasesa mozungulila, anadziloza pachifuwa. Kenaka anayendetsa dzanja kuchokela kotulukila dzuwa mpaka kolowela, mobweleza. Ndinamva.

Nditafika ku Nyalugwe ndi mbeleko yopinda, tinalila ndi amai anga mpaka mawu anatha. Amalume anasonkhanitsa abale. Anati tidule thunthu la nthochi, tilikulunge, tiliike kumanda, monga tichitila ndi anthu ofela kumigodi, kuti mzimu wa mwana upeze njila yakwawo. Anyamata anali atanyamula kale makasu.

Ine ndinakana. Amalume anati, "Mwana wa mlongo wanga, mchele wakulowa m'mutu? Ufuna mwanayo azingoyendayenda kwa alendo?"

Ndinati, "Amalume, sakuyendayenda. Ali ndi pogona, ndipo pali munthu amene akusesapo. Wamng'ono uja mukamuitana kuno, madzi onse aja awoloka ndi yani?"

Amai ndiwo anauza anyamata kuti abweze makasu. Anandimeta tsitsi, malilo anathela pomwepo. Ena anati ndine wouma mtima. Amuna anga atabwelako anangofunsa ngati ndinaboola kapu, ndinati inde.

Kwa azungu sindinabwelelenso, ndipo chisumbucho sindinachionenso. Ana ena ndinabeleka, anakula. Abale akapita kukalambula kumanda ndimapita nawo, ndimasesa pa amai ndi pa amalume. Pa mwana wanga woyamba palibe poti ndisese. Amai a nsomba anali aakulu kwa ine, ayenela kuti anapita kale. Sindidziwa ngati anauzako mwana wawo za kamtumbila ka kapu yobooka.