Chichewa Chimathera pa Geti

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene anafufuta mawu akuti Chichewa pa chikwangwani cha sukulu yathu. Mphunzitsi wa phunzirolo ndinali ine, ndiye pofufuta mawuwo anafufutira ine ndemwe.

Sukuluyo inayambira m'nyumba ya lendi ku Limbe, kuseri kwa mashopu a maoda. Anaiyambitsa mayi wina wa kwathu ku Nsanje, amene ankati mwana azitha kuyankha mzungu m'mawa, madzulo n'kuyankhanso amalume ake bwinobwino. M'mawa tinkaphunzitsa m'Chingerezi, masana m'Chichewa. Ana a amwenye, a madalaivala ndi a ogwira ntchito ku banki ankapanikizana pa benchi imodzi. Phunziro langa loyamba chaka chilichonse silinkasintha: wamkulu ndi "inu", mnzako ndi "iwe".

Mayiwo atamwalira, ana awo anagulitsa sukuluyo. Eni atsopano anaisamutsira ku mayadi, n'kumanga mpanda wautali, dziwe losambiramo ndi geti lotseguka lokha. Anati tsopano ndi sukulu ya ana a m'mayiko onse. Zilankhulo zinakhalabe ziwiri, koma chachiwiricho chinasanduka Chifalansa. Mwana akamveka akulankhula Chichewa pabwalo, ankamuimiritsa pakona.

Ndiye taonani kupusa kwanga. Sukulu yondichotsa ntchitoyo ine n'kumaisirira! Ndinkafunitsitsa kuti mwana wanga Tadala, amene anali asanayambe n'komwe sukulu, akaphunzire momwemo. Bambo ake anali atatisiya kale. Ndinakamutula kwa achemwali anga ku Namiwawa, kunyumba kumene ngakhale galu amamuthamangitsa m'Chingerezi, ine n'kukwera basi.

Ku Cape Town ndinkasamalira mayi wina wokalamba, kumusambitsa, kumudyetsa ndi kumuchapira. Malipiro ankangodutsa m'manja mwanga kupita ku fizi. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja, kozizira ngati mufiliji, ndipo masiku ena kunkada ndisanalankhule ndi munthu wondimva. Ndinalira kambiri, sindibisa. Chimene chinkandilimbitsa mtima ndi mauthenga a mawu amene ndinkatumiza pafoni ya achemwali: "Iwe Tadala, wadzuka bwanji? Wadya iwe? Ndakusowa iwe."

Poyamba ankayankha m'Chichewa chake chachibwana. M'kupita kwa zaka mayankho anayamba kubwera m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Achemwali ankati, "Amake Tadala, mwanayu akulankhula ngati wobadwira kunja, musadandaule." Ine kudandaula? Ndinkamvetsera mobwerezabwereza, n'kumawaliziranso anzanga a ku tchalitchi kuti amve mwana wa mphunzitsi.

Wokalamba uja atamwalira, mapepala anga anali atatha kalekale, choncho ndinabwerera. Ndinafika ku Namiwawa ana atapita kale kusukulu. Tisanamalize kupatsana moni, achemwali anakuwira wantchito wawo, mayi wa imvi woti akanatha kutibereka tonsefe: "Iwe! Tanyamula zikwamazi." Zinandilasa mumtima, koma ndinangomusiya mayiyo azinyamule. Ndinali mlendo, komanso anthuwa anandilerera mwana.

Masana ndinapita ndekha kusukulu kukamuchingamira Tadala. Pa geti ndinapeza a Yusufu, amene ankayendetsa basi ya ana nthawi ya ku Limbe ija, tsopano atavala yunifomu ya ulonda.

"Aphunzitsi! Ndinu nomwe? Mwafika liti?" anatero akuseka. Kenaka nkhope inagwa. "Koma pepani, mkatimu simulowa, mulibe khadi. Tingocheza pompano. Pajatu Chichewa chathu chimathera pa geti pano."

Ndinasuzumira mkati. Kapinga wobiriwira mwezi wa Okutobala, mbendera za mayiko osiyanasiyana, ana oyera zovala ngati sanagwepo pansi. Kukongola kokhakokha, sindinganame. Magalimoto anandanda, ine ndekha wapansi.

Tadala anatulukira atatalika kufika paphewa langa. Anandizindikira, anaima, n'kumwetulira. Ndinaona milomo yake ikusakasaka mawu, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kundilandira m'chilankhulo changa.

"Iwe," anatero, "wabwera?"

A Yusufu anayang'ana pansi. Dzanja langa linanyamuka lokha. Mwana wa ku Mbayani woti sanapondepo m'kalasi sanganene zimenezo kwa mayi wake. Koma Tadala ankamwetulirabe, akudikira kuti ndimuyamikire. Sunali mwano. Anandipatsa Chichewa chonse chimene anali nacho.

Dzanja linatsika. Ndinazindikira kuti mawu amenewo anawamva malo awiri okha: m'mauthenga anga a chikondi aja, ndi pakamwa pa azakhali... ayi, pa amayi ake aakulu poitana wantchito. Zaka zonsezo ndinkati ine ndili kunja, mwana ali kwathu, osadziwa kuti kuseri kwa mpanda uja nakonso n'kunja, ndipo tikiti yake ndinamugulira ndine. Ndinaima pamenepo ndikupemphera kuti "iwe" ameneyo akhale wa mauthenga anga.

Kenaka anavula chikwama chake cha mabuku, n'kundipatsira osandiyang'ana n'komwe, maso ali kofunafuna galimoto.

Ndinachilandira ndi manja awiri.