Tsiku limene ndinatengera ababa ku mtsinje wa Swan

Tinanyamuka kwathu ku Canning Vale 8 koloko m'mawa, Loweruka lina mu Okutobala 2021, ine ndi ababa. Ndinachita kuwakakamiza. Iwo anabwera ku Perth kumayambiriro kwa 2020 kudzaona chidzukulu kwa miyezi itatu, malire n'kutsekedwa chifukwa cha kolona. Chaka chotsatira amayi anamwalira ku Zomba, maliro awo tinaonera pa foni. Kuyambira pamenepo ababa ankangokhala pawindo, osayankhula, chakudya kungolawa. Kuchipatala kumene ndimagwira unamwino ndinaonapo okalamba akuzilala chotero, ndipo ndinali ndi mantha. Mnzanga wakuntchito atandiuza kuti mwezi umenewu mbalame zakutali zimafika mumtsinje wa Swan, ndinakumbukira kuti ababa anakulira ku Chilwa, akutchera mbalame ndi ulimbo.

Basi inatisiya ku Murdoch, pomwe tinakwera sitima yopita m'tauni, kenako ina ya ku Fremantle. Njira yonseyo khadi lolipirira ulendo linadya madola osakwana asanu munthu mmodzi. Tili m'sitima ababa anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Esinati, ukunditengera kuchipatala?"

"Ayi ababa, kokayenda basi."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene sanakhulupirire.

Ku Fremantle tinafika cha m'ma 10. Ndi tauni yakale ya nyumba zamiyala yotuwa, ndipo mphepo yake imanunkha mchere. Padoko makina aataliatali ankatsitsa makontena m'sitima zapamadzi, koma mbali yotsikira anthu inali zii. Pakhomo la malo odyera ndinajambula ndi foni kachizindikiro kolembetsera kuti tafikapo, monga ankafunira masiku amenewo, n'kugula nsomba yokazinga ndi tchipisi. Tisanadye n'komwe, chimbalame choyera cha kunyanja chinakwatula tchipisi m'manja mwa ababa. Sanaseke, koma anachitsata ndi maso mpaka chinatera.

Itakwana 1 koloko tinakwera basi yodzera mu Canning Highway n'kutsika pa Alfred Cove. Titayenda pang'ono tinaona mtsinje. Madzi anali ataphwera, poti pamenepo amadzaza n'kuphwera potsata nyanja yamchere, matope ali poyera. Panali avuwo, akakowa, ndi atsekwe akuda bii a makosi aatali. Mayi wina wachizungu wa imvi, dzina lake Margaret, anali ataimika chipangizo choonera kutali cha miyendo itatu, akulemba m'kabuku. Anatiitana kuti tisuzumiremo.

"Timbalame totuwato tangofika kumene kuchokera ku Siberia," anatero m'Chingerezi, ine n'kumawamasulira ababa. "N'chifukwa chake taonda."

Ababa anavula chipewa n'kuika diso. Anakhala choweramira nthawi yaitali.

"Kameneka ndimakadziwa," anatero. "Kogwedeza mchirako. Kamabwera ku Chilwa mvula ikayandikira, pokolola n'kusowa. Ife tinkati kamakabisala m'mabango."

Margaret anati mtundu womwewo umapitadi ku Africa, koma kuno chaka ndi chaka timbalameti tikucheperachepera. Ababa anaweramuka.

"Uwauze kuti ine ndinapha tambiri. Ndinkawamba n'kumagulitsa."

Ndinazengereza. "Ababa, zimenezo n'zofunika?"

"Uwauze."

Ndinamasulira. Mayi uja anafunsa kuti ababa anali ndi ana angati. Ndinati asanu ndi mmodzi. "Ndiye anadya, n'kukula," anatero. "Afunseni ngati angandithandize kuwerenga. Maso anga atha."

Anawerenga limodzi kupitirira ola. Ababa ankaloza timbalame tobisala m'udzu timene Margaret sankationa ngakhale ndi chipangizo chake, iye n'kumalemba. Chinenero sankamvana, koma sanandifunenso. Ine ndinakhala pabenchi, ndikumva mawu a ababa akukwera ngati kale.

Cha m'ma 4 madzi anayamba kubwerera, mbalame n'kusunthira kutali. Tinatsanzika. Podikira basi, ababa anayamba okha, maso ali kumsewu.

"Amako ndinakumana nawo pamsika, ndikugulitsa zimenezi. Anazitembenuza zonse, akuti zaonda, osagula n'kamodzi komwe. Sabata yotsatira anabweranso kudzazinyoza. Sabata yachitatu ndinawasungira zonona, ndiye anati, 'Ine sindidya mbalame.'"

Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka kulira. Analira mokweza, mapewa akugwedezeka, kulira kumene sanalire tsiku la maliro. Basi inabwera, dalaivala anatsegula chitseko, anatiyang'ana, n'kutseka mwakachetechete. Tinadikira ina.

Tinafika kunyumba dzuwa likulowa. Kwa miyezi isanu ndi inayi ndinkawayeza magazi, kuwagulira mavitamini, n'kumapewa kutchula amayi poopa kuwapweteka. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti nawonso ankapewa zomwezo poopa kundipweteka ine. Ana atathamangira kukhomo kudzafunsa m'Chingerezi chawo kuti agogo anapita kuti, ababa anawakhazika pansi. "Khalani apa," anatero, "ndikuuzeni za agogo anu aakazi."