Dzanja lamanja la a Chikopa

Ntchito yomasulira pa ofesi ya inshulansi ku Bin Mahmoud, kuno kudziko la eni, inali ya munthu mmodzi, koma oyesedwa tinalipo awiri: ine ndi Tiwonge.

Ine amene anandilozera ntchitoyi ndi mkulu wa mpingo ku Abu Hamour, atamva kuti kwathu ndinali mtolankhani. Tiwonge ankayala mabedi kuhotela. Ndinkaona ngati ndapambana kale.

Mmalawi akabwera kudzapempha chipukuta misozi, tinkamufunsa m'Chichewa, kulemba mayankho m'Chingerezi pa fomu, kujambula chiphaso chake ndi kalata ya dokotala, kenako n'kupereka fayilo kwa bwana.

Sabata yachitatu kunabwera a Chikopa, mlonda wachikulire. Kampani yawo inabayitsa antchito onse katemera wa chimfine. Anzawo analibe vuto, koma iwo ankati chibayireni mkono wamanja unachita dzanzi. Zoti katemerayo kapena singano ndiyo inavulaza mtsempha, oweruza anali madokotala. Ife kwathu kunali kulemba.

Ndinawafunsa a Chikopa mmene akumvera.

"Ndili bwino, achimwene. Ndi pang'ono chabe."

Ndinalemba momwemo, osawonjezera, monga anatiphunzitsira kunyuzipepala. Bwana anawerenga n'kutseka fayilo. "Khalas, basi zatha. Munthu akuti ali bwino."

Nthawi yomweyo Tiwonge anawabweretsera tiyi. A Chikopa analandira ndi dzanja lamanzere lokha, maso pansi.

"Pepani mayi, si mwano."

"Nanga lamanjalo latani, bambo?"

"Likukana. Ndi mabatani a yunifolomu omwe, amandimangira mnzanga."

Tiwonge anakoka mpando. Anawapatsa cholembera kuti agwire, chinagwa. Anawafunsa za kudya, kusamba, kutsegula geti. Analemba masamba awiri. Bwana anachotsa fomu yanga, n'kuikamo ya Tiwonge, n'kulamula kuti bamboyo akayezedwe mitsempha.

Masana amenewo ndinakana kudya ndi Tiwonge. M'basi ya ku Al Muntazah ndinawerenga lipoti lakelo katatu, kusaka zolakwika. Ndinapeza zinayi, zonse za Chingerezi, ndipo ndinazidula mzere ndi mtima wonse. Palibe anandifunsa. Ine wofunsa akuluakulu a boma mafunso, kugonja kwa woyala mabedi! Akamaseka ndi bwana, ndinkayang'ana kumbali.

Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu wamkulu wa kwathu sadandaula kwa mlendo. Pakamwa amati ali bwino. Tsopano ndisanalembe ndimayamba ndayang'ana manja.

Ntchito anapatsa Tiwonge. Ine anandisunga pa makina ojambulira mapepala, ndipo moni wa Tiwonge ndimayankhabe mwachidule. Komiti ya madokotala iona a Chikopa sabata yamawa. Wokawamasulira ndi iyeyo.