Masitadi Anayi Okhala M'madzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anandikwapula ndi lamba wa fani ya galimoto chifukwa cha injini yomwe sindinailakwire kanthu. Chipsera chake chikadalipo kumbuyo kwa mwendo wanga wakumanzere. Ndikachiona posamba mtima umanyamukabe, ngakhale kuti amene anandimenyawo anatisiya kalekale.

Tinkakhala ku komboni ya Kalingalinga, zaka zija za mizere, pamene munthu ukaona anthu atandanda pa shopu unkayamba waima kaye, n'kufunsa pambuyo kuti kwabwera chiyani. Unga wa nsima, mafuta ophikira aja timati saladi, sopo, shuga, zonse zinali za pamzere. Atate anali makanika. Kampani yomwe ankagwirako itatsekedwa, anatsegula galaji pakhomo pomwe, pakati pa nyumba yathu ndi mpanda wa aneba owotcherera zitseko ndi mawindo. Mwana wamwamuna analibe, ndiye ine Esinati ndinakhala dzanja lawo. Ntchito yanga inali kutsuka zitsulo m'palafini ndi kuziyala pa katoni, chilichonse pamalo pake. Ndinkaikonda ntchito imeneyo kuposa chiyato, masewera athu a timiyala, ndipo zoti anzanga ankandiseka kuti ndimanunkha girisi sindinkazisamala.

Mwezi umenewo tinali ndi vaneti ya bana Mulenga, mayi wachibemba amene ankapikula tomato m'mafamu n'kumagulitsa kumsika. Injini yake atate anaipasula yonse n'kuimanganso. Chomwe chinawasowetsa tulo chinali gasiketi, kachinthu kopyapyala kamene kamagona pakati pa buloko, thunthu la injini, ndi hedi, chivindikiro chake. Anayenda masabata atatu akuifunafuna, mpaka anaipeza imodzi yokha ku Kamwala, kwa munthu amene anachita kuitulutsa pansi pa kauntala ngati chamba. Anaisunga pansi pa matiresi awo, pamodzi ndi mtchatho wa ukwati.

Chinatsala chinali kulowetsa masitadi ndi kuveka hedi. Masitadi ndi zitsulo zazitali zokhala ndi mazinga mbali zonse ziwiri: kumunsi zimalowa mu buloko, hedi imavala pamwamba, kenako manati n'kumanga. Tsiku lomwe ndinkawatsuka, atate anandionetsa anayi amene anali ndi dzimbiri kunsonga. Anandiuza kuti mabowo a anayi amenewo ndi obooka mpaka m'njira yomwe mumayenda madzi oziziritsa injini, ndipo munthu ukangowalowetsa ouma, madzi amakwera m'mazinga pang'onopang'ono mpaka kukatulukira pamwamba. Mankhwala omatira a m'chubu anali atasowa m'tauni yonse. Njira ya atate inali kukulunga ulusi wosokera m'mazinga a kumunsi, n'kupaka penti yofiira ija owotcherera amapaka zitseko kuti zisachite dzimbiri. Anayiwo ndinawaika padera, pakona ya katoni.

Ndiye kunabwera uthenga wa maliro ku Petauke, kuti amalume awo a amayi amwalira. Makolo anga ananyamuka onse awiri, natisiya ine ndi mng'ono wanga m'manja mwa ba Yotamu, akulu awo a atate.

Ba Yotamu anali atatha miyezi isanu pakhomo pathu chichotsedwere ntchito ku migodi. Kumeneko ankayendetsa lole, koma mukanawamva akusimba mukanati mgodi wonse anaukumba okha ndi sipanala. Atate ponyamuka anawapempha mwaulemu kuti injini ija asaikhudze. Koma bana Mulenga ankabwera m'mawa uliwonse kudzadandaula kuti malo awo kumsika atengedwa ndi ena, ndipo tsiku lachitatu ba Yotamu anapinda malaya, nati kainjini aka ku migodi ankapatsa ana a sukulu.

Ndinaimirira pambali ndikuwaona akulowetsa masitadi onse ouma gwa. Atafika pa anayi aja ndinagwada, monga mwana woleredwa, ndi kuwauza kuti atate amayamba akulunga ulusi ndi kupaka penti.

"Iwe, ulusi? Nili kusoka diresi pano? Choka apa, yenda ukasuke mbale!"

Bana Mulenga anaseka, anyamata owotcherera nawonso anaseka kuseri kwa mpanda. Ndinachoka n'kupita kukatsuka mbalezo.

Madzulo ake injini inalira, ndipo kunena zoona inalira bwino, chifukwa zam'kati zonse zinali ntchito ya atate. Ba Yotamu anayenda mozungulira galimoto chifuwa patsogolo. Koma itatentha, timadontho tinayamba kutuluka m'munsi mwa manati anayi a m'mbali, n'kumatsetsereka pa hedi, n'kumachita tsii pofika pa paipi ya utsi. Anapukuta ndi nsanza, timadontho tinabwereranso. Anatenga sipanala, n'kuisomeka m'paipi yaitali, n'kukoka manatiwo mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Madzi sanawamvere.

Apa ndi pamene munthu wamkulu, wa imvi zake, anayang'ana uku ndi uku kufuna poponya manyazi ake, ndipo anapeza ine. Anauza bana Mulenga kuti m'mawa anandiona ndikudumpha hedi pomwe inali pansi, ndipo mwana wamkazi akadumpha chitsulo cha ntchito, ntchitoyo siigwira. Bodza lamkunkhuniza! Ine amene hedi ija ndinaitsuka masiku awiri, n'kuifunditsa thumba kuopa fumbi, ndikanaidumpha bwanji? Ndinayankha kuti sindinadumphe kanthu, madziwo akuchokera m'masitadi anayi amene ndinawauza aja. Kuyankha kumeneko ndiko kunandiphetsa. Anatola lamba wakale wa fani, wolimba ngati chikopa chouma, nandikwapula pamaso pa anthu mpaka mwendo kung'ambika. Atatopa analamula kuti ndisadzapondenso pagalaji, ndipo atate akabwera adzawauza kuti mwana wamkazi wozolowera masipanala sakwatiwa.

Ululu wa lamba unatha masiku awiri. Chomwe sichinathe chinali mantha akuti atate adzawamvera, poti kwathu mawu a mkulu sabwezedwa. Komboni nayonso sisunga nkhani: pofika Loweruka, ana a pampopi ankandiitana kuti Esinati wopha injini.

Ba Yotamu sanalekere pomwepo. Wina ku tarveni, komwera mowa, anawauza kuti dzira limatseka podontha, ndiye anaswera mazira awiri mu ladiyeta. Zitakanika, anatapa unga. Unga umene ine ndinauimira pamzere kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikukankhidwa ndi azimayi akuluakulu, mwendo uli ndi bala! Ndinawaona ndi maso angawa akuthira manja awiri odzaza m'kamwa mwa ladiyeta, pamene ine ndi mng'ono wanga tinkadya kamodzi patsiku kuti thumba lifike kumapeto kwa mwezi. Ndinalowa m'nyumba ndikulira, osati ndi chisoni koma ndi ukali. Ndikanakhala ndi mphamvu tsiku limenelo, sindikudziwa chomwe ndikanachita.

Makolo anga anafika Lachiwiri masana, fumbi lili mbuu. Asanakhale n'komwe pansi, ba Yotamu anali atayamba kale kusimba za hedi yopindika ndi mwana wamwano wodumpha zitsulo. Anati hedi ichotsedwe ikapalidwe ku tauni. Atate anadziwa, monga ndinkadziwira inenso, kuti hedi ikachoka ndiye kuti gasiketi ija yatha ntchito, ndipo ina kulibe. Anayang'ana nsalu yomwe ndinamanga pamwendo, kenako anavula jekete la kumaliro navala ovolosi.

Atamasula paipi ya pansi pa ladiyeta, munatuluka phala. Phala lenileni lotuwa, lonunkha dzira lowola. Anyamata owotcherera anasiya ntchito nabwera kudzaonerera, bana Mulenga anagwira pakamwa. Atate anatsuka ladiyeta ndi buloko ndi madzi okwana ndowa zisanu ndi imodzi, amayi akutunga kumpopi, mpaka madzi anayera. Kenako anamanga manati awiri pamodzi pa sitadi imodzi ya m'mbali, naizula hedi ili pomwepo. Anatenga waya naulowetsa m'bowomo. Wayawo unapitirira, n'kupitirirabe, ndipo potuluka unali wonyowa, kunsonga kuli nyenyeswa za unga.

Ine ndinali pakhomo la nyumba, poti pagalaji anandiletsa. Atate anandiitana osatembenuka.

"Esinati, ni yangati yamene yankala mu manzi?"

"Yanayi, atate."

"Unabauza batate bakulu?"

Ba Yotamu anandiyang'ana ndi diso lomwe lija la tsiku la lamba. Koma ndinati eya, ndinawauza, ndinachita kugwada.

Atate anatuma mng'ono wanga kukapempha penti yofiira m'kachitini kwa aneba, anatenga ulusi m'bokosi la amayi, nandipatsa ine m'manja pamaso pa onse aja. Anaumitsa bowo ndi kansalu kokulunga pawaya, ine ndinakulunga ulusi m'mazinga motsata momwe sitadi imalowera, ndinapaka penti ndi nthenga ya nkhuku, iwo n'kuilowetsa ndi kumanga nati. Tikamaliza imodzi ndi pamene ankazula ina, kuti hedi isasunthe pa gasiketi. Pomaliza anadutsa manati onse ndi sipanala, kuyambira pakati kupita kunja, mofatsa, popanda paipi. Anati pentiyo igone iume. Ba Yotamu anali atazemba kale, akuti akukaona mnzawo ku Mtendere.

M'mawa mwake tinathira madzi, injini inalira mpaka kutentha, ndipo pansi pa manati anayi aja panali pouma ngati pa mbaula. Bana Mulenga ananditcha makanika, nandipatsa tomato m'mbale. Pagalaji ndinabwerera tsiku lomwelo, ndipo palibe anatchulanso zondiletsa.

Koma ine ndinkadikira china. Ndinkadikira kuti wina anene pakamwa kuti mwanayu munamumenyera pachabe. Tikutsuka masipanala ndinalimba mtima ndi kuwafunsa atate chifukwa chake sanawafunse ba Yotamu za mwendo wanga. Anapukuta manja nthawi yaitali, osandiyang'ana.

"Ni bakulu banga, mwana wanga. Ningakambe chani?"

Yankho limenelo linandipweteka kuposa lamba. Ba Yotamu anakhala nafe chaka china chathunthu, akudya nsima yomwe ndinkaphika ine, ndipo mpaka kumanda sanandipepese.

Lero ndili ndi galaji yanga, ndi zidzukulu. Ndazula masitadi ambirimbiri, ndipo mankhwala omatira a m'chubu tsopano ali paliponse. Ndikumvetsa tsopano kuti atate, pondiitana pamaso pa mkulu wawo ndi kundipatsa ulusi uja, anafika pomwe mwambo wawo unkawalola kufika, ndipo mwina zinawatengera mtima wonse. Ndimawalemekeza pa zimenezo. Koma sindinama kuti zinandikwanira. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri samasulira zizindikiro, amafuna kumva mawu.

N'chifukwa chake pagalaji yanga, chinthu chikadontha, palibe amene amalozedwa chala tisanalowetse waya m'bowo. Ndipo zikapezeka kuti wolakwa ndine, ndimamuitana amene ndinamukalipira uja, kaya ndi wophunzira wa dzulodzulo, pamaso pa omwe aja anamva ndikumukalipira, n'kumuuza kuti pepa, ndinakulakwira. Ndi mawu awiri okha. Ine ndawadikira zaka zoposa makumi atatu, ndipo amene akanawanena onse ali m'manda.