Zilembo za Michira Sizigulitsa Tiyi

Mlamu wanga, a Mhango, anatsegula tiyirumu pa Uliwa mwezi wathawu, pamene basi yopita ku boma imaima. Chikwangwani anapempha ine kuti ndilembe. Akafunenso wina kuti, pabanja pali mphunzitsi?

Ine pa nkhani ya choko sindidzikayikira. Ndinatenga thabwa la chitseko chakale n'kulembapo zilembo zowonda, zopendeka, chilichonse ndi mchira wake wopiringizika ngati wa nkhumba. Ndinaikapo dzina la mlamu, la bambo awo, mudzi wawo, tiyi, masikono, mpunga wa ku Hara, ndi vesi pansi pake. Ndinaima pafupi, n'kudziyamikira ndekha.

Basi inkaima ndithu. Anthu ankatsika n'kulunjika kwa mayi wina wogulitsa tiyi tsidya lina la msewu. Masikono a mlamu ankangouma m'basiketi, chonsecho tiyirumuyo anaitsegula atagulitsa ng'ombe yawo imodzi yokhayo. Tsiku lina kunalowa mayi wina kudzafunsa kuti mapemphero amayamba nthawi yanji.

Loweruka lapitali mlamu anaitana a Mwangonde, mkulu amene amalemba zikwangwani za magolosale kuyambira ku Chilumba mpaka ku boma. Anayang'ana ntchito yanga nthawi yaitali.

"Asambizgi, dzanja muli nalo," anatero, kunditcha mphunzitsi m'chinenero chakwathu. "Kweni iyi ndi kalata ya chibwenzi. Munthu wa m'basi ali na njala, alibe nthawi yomasula michira."

Anatembenuza thabwalo, kulipaka penti yoyera, n'kumenya mizere iwiri ndi chingwe chopaka makala. Pakati pa mizereyo anaimika zilembo zakuda, zonenepa, zazitali, zopanda mchira ngakhale umodzi: TIYI NDI MASIKONO.

Mlamu anadandaula. "Nanga dzina la adada?"

"Ndiye chifukwa chake timazipanikiza," anayankha a Mwangonde. Zilembozo zinali zitathithikana ngati anthu pa benchi ya kuchipatala, moti kumapeto kunatsala malo. Analembapo MHANGO. "Adada anu ndi inu mwakwana m'menemo nonse."

Kenaka anabwereka njinga. Anapita patali, n'kubwera akupalasa mwaliwiro, kuponya diso kamodzi kokha podutsa. Atatsika ananenepetsa chilembo chimodzi, n'kutsuka bulashi.

Apa mpamene manyazi anandigwira. Ine masiku onsewa sindinawolokeko ngakhale msewu kuti ndione chimene wapaulendo amaona.

Komatu musandiseke ndekha. Tonse timakonda michira. Kalata yopempha mbewu timaiyamba ndi masamba awiri a moni. Pa ukwati, amene wapatsidwa mawu ochepa amayambira kwa agogo a mkwati, mpunga n'kumazizira m'mbale. Zidziwitso za pa khoma la ofesi nazo, ndani anaziwerengapo mpaka pansi? Timalemba kuti atitame, osati kuti atimve. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndiye bwanji tikufuna thabwa limodzi lisenze mudzi wonse?

Lolemba ndinadutsanso pa Uliwa. Basi isanalize hutala yonyamukira, ketulo inali itatha, mlamu akuthamangira madzi ena. Atapuma anandipatsa kapu ya tiyi, akuoneka kuti akundimvera chisoni.

"Zolemba zanu sitinafute, alamu," anandinong'oneza. "Tangoziyang'anitsa kukhoma, dzuwa lingaziwononge."

Ndinamwa tiyiyo. Nanga inu, zimene munalemba sabata ino, wina atadutsa pa njinga angaziwerenge?