Ndinatseka Mpweya wa Galimoto ya Akamwini ndi Chitsononkho

Inu owerenga, ine ndine mayi wachikulire wa zidzukulu, kwathu ndi ku Kaomba. Ndikukamba izi mtima uli m'malo chifukwa zinatha bwino. Koma panangotsala pang'ono kuti ndiphe galimoto yomwe imadyetsa banja lathu lonse, ndi manja angawa, popanda wondituma.

Khalidwe langa ndisakubisireni. Ine sindikhulupirira munthu. Venda akabwera ndi sikelo yake kudzagula mtedza, ndimayamba ndapachikapo mwala wanga womwe ndimaudziwa kulemera kwake. Sindinabadwe chonchi ayi. Amuna anga atamwalira, abale awo anabwera misozi ili m'masaya, koma pochoka anachoka ndi ngolo ndi ng'ombe zomwe. Kuyambira pamenepo maso anga saphethira.

Mwana wanga Enelesi anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Lisasadzi, yemwe anabwera kudzakhala pachikamwini pamudzi pathu. Timawatchula bambo a Tiya, potengera mwana wawo woyamba. Ndi munthu wofatsa, wosamwa, ndipo kufatsako n'kumene kunkandisowetsa mtendere, chifukwa munthu wosalankhula sudziwa chimene akuphika. Monga mwa mwambo wathu, ine ndi iwo tinkaopana. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Mawu onse ankadzera mwa Enelesi.

Chaka china fodya atayenda bwino ku okushoni, bambo a Tiya anagula kapikapu kakale ka dizilo. Mu injini yake munali chinthu chooneka ngati nkhono, chomwe amati tebo, chimene chimapopera mphepo kuti galimoto ikhale ndi mphamvu, ndipo ikamakwera mtunda chimaimba likhweru. Galimotoyo inkanyamula mabelo a anthu, odwala opita kuchipatala ku Boma, ndipo nyengo ya makuponi inkatuta fetereza. Sopo, mchere, fizi ya adzukulu, zonse zinkatuluka m'menemo.

Itayamba kufuka utsi wambiri, akamwiniwo anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi kachitini konyezimira, kotchipa, kokhala ndi timilomo tiwiri. Ine ndinali pakhonde kutonola chimanga, maso ali kwa iwo. Anakatsegula pansi pa mtengo wa mango, anasuzumiramo, n'kupukusa mutu poona kuti m'kati munalibe kanthu. Anadula kapayipi n'kukalumikiza kukamlomo kamodzi kuti kaloze pansi. Kenaka anaitana mkazi wawo n'kumunong'oneza. Ndinamuona Enelesi akupita pathandala langa, osati lawo, n'kutengapo kawaya kanga kotsukira mapoto, kosachita dzimbiri kaja. Akamwini anakafunyulula, anakalowetsa m'chitini muja, n'kutseka.

Inu owerenga, mukudziwa bwino kuti kumudzi kuno munthu akafuna kukuchita chipongwe amayamba watenga kanthu kako, kansalu kaya tsitsi kaya chiwiya chimene umagwira tsiku ndi tsiku.

Tsiku lonselo analimbana nako. Anadula chitsulo cha kaliyala wa njinga yakale, anachipinda, anachiboola, kuti chikhale chogwirira. Poyamba anakamangirira pafupi ndi tebo ija, atalizako injini n'kukhudza anachotsa dzanja msanga, kwatentha. Anamasulanso n'kukakaika chakumbali, pafupi ndi batire, choimirira. Mapayipi awiri anawamanga ndi mphira za chubu.

Zikanathera pomwepo mwina ndikanaiwala. Koma pakapita masiku, ndinkawaona akumasula kachitini kaja, n'kukhuthulira m'botolo zinthu zakuda bii, zonga phala. Akatero ankalowera nalo botololo kuseri kwa chigafa cha fodya, chomwe chili m'malire a munda wanga, pobwera lili lopanda kanthu. Nyengo yomweyo mawondo anga anayamba kuphwanya. Ndinaphatikiza zonse: galimoto yobweretsa ndalama, chiwiya changa m'chitini, zakuda zothiridwa m'munda wa makolo anga, miyendo yanga ikufooka. Ndinati basi, munthuyu wakhwimira pa ine, akufuna ndife kuti munda autenge.

Kuwafunsa sindikanatha, ndi akamwini. Ndinafunsa Enelesi, koma iye anangoseka, amvekere, “Amayi, za galimoto mungazimve inu? Kawaya kanuko ndikugulirani kena.” Kusekako kunandiwawa, ndipo ndinati nayenso amudyetsa. Kwa sing'anga sindikanapita, ndine mayi wa chigwirizano. Ndiye ndinaganiza zothana nazo ndekha, mwakachetechete.

Masana ena onse atapita kudambo kukathirira nazale ya fodya, ndinatsegula boneti monga ndinkawaonera. Chitini chinakana kutseguka, anachimanga zolimba. Choncho ndinamasula mphira ya payipi imodzi, ndinatola chitsononkho, ndinachisongola ndi mpeni monga timachitira potseka botolo la palafini, n'kuchikankhira m'kati mpaka chinalimba. Ndinabwezera payipi ija n'kumanga bwinobwino. Ndinati chilichonse chimene chimadutsa m'menemu, lero njira yatsekeka.

M'mawa mwake kunamveka kuti fetereza wa makuponi wafika kudepoti ya pamsika, ndipo aliyense akudziwa kuti wochedwa amapeza watha. Tinakwera, ine pamodzi, pakuti kuponi yanga sindipatsira munthu. Popita tinayenda bwino, galimoto ili yopepuka, mpaka ndinadzitama mumtima. Pobwerera inali itadzaza matumba athu ndi a anzathu a m'mudzi, eni ake atakhala pamwamba pake, dzuwa lili pamutu. Ine ndi Enelesi tinali kutsogolo, iye pakati kuti ndisayandikane ndi akamwini, nkhope yanga nditalozetsa kuwindo.

Titayamba kukwera kamtunda kena, likhweru lija likulira, ndinamva fungo la oyilo wopserera. Kenaka utsi unayamba kutuluka m'mbali mwa boneti, wina kumbuyo, anthu a pamwamba aja n'kuyamba kumenya denga ndi kukuwa. Kanyali kofiira kanayaka. Bambo a Tiya anakhotetsera pambali n'kuzimitsa injini pomwepo.

Atatsegula boneti, inu owerenga, ndinafuna nthaka indimeze. Oyilo anali ponseponse, akuchita kuwira pazitsulo zotentha. Kandodo koyezera oyilo kanali katafwamphuka m'malo mwake. Akamwini anangogwira m'mutu. A Jere, mnansi wathu wa pakamwa posatseka, anatsika pamatumba akuti, “Akamwini, umakaniko wa pansi pa mango uja ndi umenewu? Mukanatiuza tikanabwera ndi ngolo, ng'ombe siifuka utsi!” Anthu anaseka, koma Enelesi sanaseke. Anayamba kukalipira mwamuna wake pagulu, kuti anamuletsa kuseweretsa galimoto ndi tizitini ta pamsika, nanga ana adya chiyani. Mwamunayo anangoti, “Ndalakwa ndine, make Tiya. Ngati injini yagwira, ndaipha ndine.”

Ine ndinali chiimire chapatali.

Zitsulo zitazizirako akamwini anayamba kufufuza. Anamasula payipi ija, anauziramo, mpweya sunadutse. Anatokosa ndi waya, ndipo chitsononkho changa chinagwera m'dzanja lawo, chakuda, koma kusongola kwa mpeni kukuoneka. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Pamudzi paja amene anatsala masana a dzulo lake ankamudziwa. Sanatembenukire kumene ndinali. Anachifumbata n'kuchiika m'thumba la buluku, ndipo a Jere atafunsa chimene apeza, anangoti, “Kachinyalala kanalowa.”

Apo ndiye ndinasweka mtima. Munthu amene ndinkamuyesa mfiti anali kusenza manyazi anga pamaso pa mudzi wonse ndi pa mkazi wake. Ndinayandikira, ndinagwada pamsewu pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wanga ndinawalankhula mwachindunji. Ndinati, “Bambo, musanamizire chinyalala. Ndinaika ndine.”

Akamwini nawo ananjuta chapatali, maso ali pansi, n'kundifotokozera mwaulemu. Anati injini imapuma ngati mphika wowira, ndipo mpweya wake umatuluka ndi nthunzi ya oyilo. Nthunziyo ikabwerera kutebo imadetsa njira, n'chifukwa galimoto inkafuka. Kachitini kaja ndi msampha wa nthunziyo. Kawaya kanga anakaikamo kuti nthunzi izikodwa n'kudonthera pansi, poti kopanda kanthu m'kati kankangoidutsitsa. Zakuda zija ankapaka m'munsi mwa mitengo ya chigafa changa kuti chiswe chisadye. Ine potseka payipi ndinavundikira mphika uli pamoto, mpweya n'kusowa kotulukira.

A Jere anakwera kabaza kubwerera kumsika, n'kukatenga oyilo kusitolo ya Msilamu wina amene amawadziwa bwino akamwini. Atabwera nawo, akamwini anapukuta ponse ndi nsanza, anathira oyiloyo, anabwezera kandodo kaja. Pamene ankapotokola kiyi ndinatseka maso, ndikupemphera pemphero lopanda mutu. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka inalira monga mwa masiku onse. Amayi a pamwamba pa matumba analuluta ngati paukwati. Ine ndinangokhala pansi m'fumbi n'kulira.

Tinafika kumudzi pang'onopang'ono fetereza yense ali bwino. Kamphira kena ka pachivundikiro cha injini kanayamba kudontha, anakasintha, basi. Makaniko wa ku Boma atamva nkhaniyi anati akamwini akanachedwa kuzimitsa, galimotoyo ikanasanduka khola la nkhuku. Mawondo aja kuchipatala anati ndi nyamakazi ya ukalamba. Enelesi anandikwiyira kwa kanthawi, ndipo sindimudandaula. Ine ndinagwira tambala wanga wamkulu n'kutumiza kwa ankhoswe, kuti akanene kuti kuyambira tsopano ine ndi akamwini tizilankhulana ngati mayi ndi mwana.

Ndiye inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene muli ndi akamwini pakhomo, mundimvetse. Sindikuti muzikhulupirira aliyense. Dziko lino lili ndi akamberembere, ndipo ine kukayikira sindinasiye, mwina ndidzapita nako kumanda. Mwambo woopana nawo si woipa, umasunga ulemu. Koma ukafika poti ukuona chinthu chokuopsa pakhomo pako pomwe n'kulephera kufunsa, pamenepo mantha amayamba kukuyankha okha, ndipo mantha sayankha zoona. Mwana wanu akakusekani, funsaninso. Akakana, tumani ankhoswe, ntchito yawo ndi imeneyo. Ana inunso, kholo likafunsa musaliseke, liyankheni ngakhale mukuona ngati silimva.

Ine ndinali ndi mwayi kuti pachiwongolero panali munthu wa maso, ndiponso wa mtima woposa wanga. Si nonse mudzaupeze mwayi wotere. Chinthu chimene simukuchidziwa, pakamwa pazifika msanga dzanja lisanafike.