A Zuze Akusoka Ukonde Wosaoneka

Mwaswera bwanji ana anga? Mawuwa ndi anga, chala cholemba n'cha mpongozi wanga.

Achimwene anu a Zuze anasiya kachasu Lamulungu atalumbira kutchalitchi. Lolemba manja anayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, phala akusanza. Ine n'kumati ndi malungo.

Lero ndawapeza pakhonde akusoka ukonde, zala zikuthamanga bwinobwino, koma m'manja mulibe kanthu. Akuti, "Mayi, chotsani phazi, mwaponda ukonde wanga." Kenako agwa n'kuyamba kuphupha.

Tawaolotsa pabwato mpaka kuchipatala, awagoneka. Adokotala akuti munthu womwa tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi angathe kufa, tikanabwera manja atangoyamba kunjenjemera.

Tsono abusa akuti tikawatenge, n'ziwanda zikutuluka. Ine ndakana, ndati akawapempherere pabedi pomwepo. Kodi ndalakwa?